Chithokomiro, Nsomba Yopanda Nsagwada ndi Mchere wa ku Malosa

Mlangizi wa zaumoyo amene wayamba ntchito posachedwapa m'midzi yozungulira Malosa angathe kutha miyezi ingapo osakumana ndi mwana wa sukulu wotupa pakhosi. Ena afika poganiza kuti matenda a chithokomiro obwera chifukwa chosowa ayodini anatha monga inathera nthomba, imene dziko lonse linalengeza mu 1980 kuti kulibenso. Koma matenda awiriwa sathera njira imodzi. Nthomba inatha chifukwa kachilombo kake kanasowa pobisala. Kusowa kwa ayodini kulibe kachilombo koti tiphe. Gwero lake lili m'mapangidwe a thupi lathu ndi m'nthaka imene timalimamo, ndipo mbiri ya mmene anthu anadziwira zimenezi inadutsira pa nsomba ina imene m'mitsinje ya ku Malawi mulibe.

Nsomba yopanda nsagwada

Nsomba zimene timadya kuno, kaya ndi matemba, makumba ndi milamba ya ku nyanja ya Chilwa, kaya chambo cha ku Mangochi, zonse zili ndi nsagwada. Momwemonso chule, njoka, nkhuku, mbuzi ndi munthu. Mwa zamoyo zonse za m'gulu la zokhala ndi msana, mitundu iwiri yokha ya nsomba ndiyo yatsala yopanda nsagwada, ndipo mayina ake ndi lamprey ndi hagfish. Lamprey imaoneka ngati mkunga, koma pakamwa pake ndi pozungulira, pokhala ndi timano tambirimbiri. Ilipo mitundu pafupifupi 40, ndipo imapezeka m'madzi ozizira a ku Ulaya, ku North America, ku Asia ndi kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi. Hagfish imakhala pansi pa nyanja zamchere.

Akatswiri a sayansi amawerengera kuti mzere wa nsomba zimenezi unasiyana ndi mzere wa nyama zansagwada zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Ndiye chinthu chikapezeka mwa lamprey, n'kupezekanso mwa munthu chikugwira ntchito yofanana, amadziwa kuti n'chakale kwambiri, chochokera kwa kholo limene mizere iwiriyi inagawana. Umboni wina wa ukale wa nsombayi unapezeka mu Africa momwe muno. Mu 2006 Robert Gess ndi anzake analengeza za chidindo cha lamprey chimene anachipeza m'miyala pafupi ndi Grahamstown, mzinda umene tsopano ukutchedwa Makhanda, ku South Africa. Chinali cha zaka 360 miliyoni, koma maonekedwe a pakamwa pake sanasiyane kwenikweni ndi a lamprey ya lero.

Kachiwalo kodyera kasanduka chithokomiro

Lamprey ikaswa, kamwana kake sikafanana ndi make. Kamakhala kosaona, kopanda mano, ndipo kamadzikwirira m'matope a mumtsinje kwa zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, kakusefa tizakudya m'madzi. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankayesa kuti ndi nyama yamtundu wina, mpaka anakapatsa dzina lakelake loti Ammocoetes. Mu 1856 August Müller wa ku Germany ndiye anaonetsa kuti kanyamaka kamasintha thupi n'kukhala lamprey, monga mmene mbululu imasandukira chule.

Pansi pa mmero wa kamwanaka pali kangalande kotchedwa endostyle. Kamatulutsa zinthu zoterera ngati mamina zimene zimakola tizakudya kuti tilowe m'mimba. Mu 1873 Wilhelm Müller, wa ku Germany komweko, ananena kuti kangalande kameneka ndi chithokomiro n'zapachibale. Zinatsimikizika kuti pa nthawi imene kamwanaka kakusanduka nsomba yaikulu, kangalandeko kamatsekeka, ndipo ena mwa maselo ake amasonkhana n'kupanga timatumba tofanana ndi ta m'chithokomiro cha munthu. Kachiwalo kamene kanali kodyera kamasanduka kopanga mahomoni, zonsezo m'moyo wa nsomba imodzi.

Umboni wosatsutsika unabwera mu 1942, pamene Aubrey Gorbman ndi Charles Creaser ku America anathira ayodini wotulutsa cheza m'madzi momwe munali tiana ta lamprey. Ayodiniyo anakasonkhana m'kangalande kaja, kasanasanduke n'komwe chithokomiro. Patapita zaka zingapo zinapezeka kuti tinyama tina ta m'nyanja zamchere topanda fupa la msana, monga kotchedwa amphioxus, tilinso ndi kangalande kotere ndipo nakonso kamagwira ayodini. Mu 2021 gulu la Tetsuto Miyashita linaonetsa kuti tiana ta lamprey zakalekale zija tinkabadwa ndi maso ndi mano, kutanthauza kuti moyo wa m'matope unayamba pambuyo pake. Zimenezi zinachititsa akatswiri kusiya kuona kamwana ka lamprey ngati chithunzi chenicheni cha kholo la nyama zamsana. Komabe mfundo yaikulu sinagwedezeke: luso logwira ayodini pakhosi linayambira m'nyanja yamchere.

Thupi la munthu limasungabe chizindikiro cha chiyambi chimenechi. Mwa mwana wosabadwa, chithokomiro chimayamba kumera pansi pa mmero, kumtsitsi wa lilime, cha m'sabata yachinayi, kenaka n'kutsikira pakhosi. Njira imene chinadutsa ikapanda kutsekeka bwino, mwana amakula ndi kachotupa pakati penipeni pa khosi kamene kamakwera akatulutsa lilime. Madokotala amakatcha thyroglossal cyst. Sikabwera chifukwa chosowa ayodini, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni.

Mmene ayodini anadziwikira

Pamene ena ankafufuza nsomba, madokotala ankalimbana ndi chithokomiro cha anthu. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France, amene ankapanga zopangira wonga wa mfuti kuchokera ku phulusa la zomera za m'nyanja, anaona nthunzi yofiirira ikutuluka m'phulusalo atathiramo asidi. Ameneyo anali ayodini. Mu 1820 Jean-François Coindet, dokotala wa ku Geneva, anayamba kupatsa ayodini odwala chithokomiro ndipo zotupa zinayamba kuphwa. Tsoka lake anthu anayamba kumwa mopyola muyeso, ena n'kudwala kugunda kwa mtima, kunjenjemera ndi kuwonda, ndipo mankhwalawo anatchuka ndi mbiri yoipa. Cha m'ma 1850 Adolphe Chatin anayeza madzi, nthaka ndi zakudya n'kunena kuti madera a chithokomiro ndi omwe ali ndi ayodini wochepa, koma akatswiri anzake sanamukhulupirire.

Ntchito ya chithokomiro inadziwika kudzera m'ngozi. Mu 1883 Theodor Kocher wa ku Bern anafotokoza kuti odwala amene anawachotsa chithokomiro chonse ankafooka, kutupikana, kumva kuzizira ndi kuchedwa kuganiza, ndipo ana ankaleka kukula. Mu 1891 George Murray ku England anachiza mayi wina wa zizindikiro zoterezi pomubaya madzi ochokera m'chithokomiro cha nkhosa. Mu 1895 Eugen Baumann anapeza kuti m'chithokomiro muli ayodini wambiri. Mawu akuti homoni anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905 ndi Ernest Starling, kutanthauza mthenga amene chiwalo chimodzi chimatumiza kudzera m'magazi kukalamula ziwalo zina. Mu 1914 Edward Kendall anapatula homoni ya chithokomiro, imene lero timaitcha thyroxine kapena T4. Nambala 4 ikuimira tizigawo tinayi ta ayodini timene tili m'homoniyo. Popanda ayodini, T4 sipangika. T4 ya lamprey, ya chule, ya nkhosa ndi ya munthu ndi imodzimodzi, n'chifukwa chake chithokomiro cha nkhosa chinatha kuchiza munthu.

Kufanana kwa homoni sikutanthauza kufanana kwa ntchito yake yonse. Mu 1912 Friedrich Gudernatsch anadyetsa mbululu nyama ya chithokomiro ndipo zinasanduka tiachule nthawi isanakwane. Kwa lamprey zili mosemphana, monga anaonetsera John Youson wa ku Canada: kusintha thupi kumayamba pamene homoniyi yatsika m'magazi. Koma mwa nyama zonsezi homoniyi imakhudza nthawi ndi kayendedwe ka kukula. Mwa munthu, chiwalo chimene chimadalira kwambiri kuti homoniyi ifike pa nthawi yake ndi ubongo.

Kuchokera padziwe la nsomba kufika m'kalasi

Munthu amene analumikiza nkhani ziwirizi ndi David Marine, dokotala wa ku Cleveland ku America. Mu 1910 iye ndi Carl Lenhart anafufuza nsomba za trout zowetedwa m'maiwe ku Pennsylvania zimene zinkatupa pakhosi. Ambiri ankati ndi khansa. Iwo anaonetsa kuti chinali chithokomiro wamba, ndipo kuthira ayodini pang'ono m'madzi kunkaphwetsa zotupazo. Mu 1913 Marine yemweyo analemba za mmene kangalande ka kamwana ka lamprey kamasandukira chithokomiro. Kwa iye, chithokomiro cha nsomba, cha galu, cha nkhosa ndi cha munthu chinali chiwalo chimodzi chomvera lamulo limodzi: chikasowa ayodini chimakula pofuna kugwira kochepa komwe kalipo.

Kuyambira mu 1917, Marine ndi O. P. Kimball anayesa mfundoyi pa atsikana a sukulu mumzinda wa Akron. Mwa atsikana 2,190 amene ankalandira ayodini kawiri pachaka, 5 okha ndiwo anatupa pakhosi. Mwa 2,305 amene sanalandire, 495 anatupa. Mu 1922 dera lina la ku Switzerland linayamba kuthira ayodini mu mchere, ndipo mu 1924 mchere wotere unayamba kugulitsidwa ku Michigan. M'madera a mapiri a ku Switzerland, kumene kunkabadwa ana ambiri opinimbira, osamva, osalankhula ndi ofooka nzeru, kubadwa kwa ana otere kunatha m'kati mwa mbadwo umodzi.

Kuti vuto lalikulu lili pa ubongo osati pakhosi zinaonekera bwino ku Papua New Guinea. Peter Pharoah, Ian Buttfield ndi Basil Hetzel analengeza mu 1971 kuti kubaya amayi mafuta a ayodini kunkateteza ana ku kulumala kwa ubongo kumeneku, koma makamaka ngati mayi walandira asanatenge pakati. Mu 1983 Hetzel anapempha kuti anthu asiye kuyang'ana chotupa chokha, ayambe kuwerengera pamodzi mavuto onse a kusowa kwa ayodini: kupita padera, kubadwa kwa ana akufa, kupinimbira ndi kuvutika kuphunzira.

Mahomoni a banja limodzi

Chithokomiro sichidzilamulira chokha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary kamene kamatulutsa TSH, homoni youza chithokomiro kuti chigwire ntchito. T4 ikachepa m'magazi, TSH imachuluka n'kumakankha chithokomiro usana ndi usiku mpaka chitupe. Kachiwalo komweko kamatulutsanso FSH ndi LH, zimene zimayendetsa msambo ndi ubereki. Mahomoni atatuwa amapangidwa ndi zigawo ziwiriziwiri, ndipo chigawo chimodzi n'chofanana mwa onse.

Nsomba zopanda nsagwada zinathandiza kufotokoza kufananaku. Kafukufuku wa Stacia Sower ku New Hampshire ndi wa akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti lamprey ndi hagfish zili ndi pituitary yomvera ubongo monga yathu, koma zilibe TSH, FSH ndi LH zosiyanitsidwa bwinobwino. Zili ndi mahomoni ochepa a mtundu womwewo. Atatu athuwa ndi nthambi za tsinde limodzi, zimene zinagawikana mizere iwiri ija itasiyana kale.

Chibale chimenechi chimaonekera ku sikelo ya amayi oyembekezera. Homoni ya hCG, imene timayeza mu mkodzo pofuna kudziwa ngati mayi waima, ndi ya banja lomweli. Ikachuluka m'miyezi itatu yoyambirira, imagogoda pakhomo la TSH n'kufulumizitsa chithokomiro cha mayi. Nthawi yomweyo impso zake zimataya ayodini wambiri, pamene mwana akudalira T4 ya mayi kotheratu, popeza chithokomiro chake sichiyamba kupanga homoni mpaka cha m'sabata ya 12, ndipo sichikhwima mpaka pakati pa mimba. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 a ayodini patsiku, koma mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Mlingowu ndi wochepa zedi: ayodini amene munthu amafuna moyo wake wonse sangadzaze supuni yaing'ono imodzi. Chovuta n'chakuti amafunika mosadukiza.

Malawi, dziko lotalikira nyanja yamchere

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mamayikulogalamu pafupifupi 60 a ayodini, pamene madzi a mitsinje ya m'mapiri nthawi zambiri safika ngakhale 10. Ayodini amasungunuka msanga, motero mvula ya zaka zikwizikwi imamukokolola m'nthaka ya m'mapiri ndi m'madera osefukira madzi. Chimanga, nandolo ndi ndiwo zamasamba zolimidwa m'nthaka yotere zimakhala ndi ayodini wochepa ngakhale zitabereka bwino chotani. Nsomba za m'madzi opanda mchere nazonso zili ndi wochepa poyerekeza ndi za m'nyanja zikuluzikulu. Dera ngati Malosa, lokhala m'tsinde mwa phiri lolandira mvula yambiri, limene madzi ake amatsetserekera ku mtsinje wa Domasi mpaka ku Chilwa, silingadalire nthaka yokha.

Makolo athu mchere ankaudziwa. Nyanja ya Chilwa, imene David Livingstone anafikako mu 1859, ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo madzi ake ndi amcherechere. Anthu a m'mbali mwake ndi a ku chigwa cha Shire ankakokola dothi lamchere, kulisungunula, kulitcheza ndi kuphika madziwo mpaka atsale mchere wosinthanitsa ndi zinthu zina. Ena ankadalira chidulo. Zonsezi zinkakometsa ndiwo, koma sizinali njira yodalirika yopezera ayodini. Palinso nkhani ya chinangwa chowawa. Kafukufuku wa pachilumba cha Idjwi ndi ku Ubangi m'dziko la Congo anaonetsa kuti chinangwa chosaviikidwa mokwanira chimasiya m'thupi mankhwala otchedwa thiocyanate, amene amatchinga chithokomiro kuti chisagwire ayodini. Kumene ayodini ndi wochepa kale, chinangwa chotere chimakulitsa vutolo.

Kuno kwathu, boma la Ntcheu ndi limodzi mwa madera amene vutoli linafufuzidwa mozama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands anayesa makapisozi a mafuta a ayodini pa ana a sukulu kumeneko, ndipo anapeza kuti tizilombo ta m'matumbo tinkafupikitsa nthawi imene mankhwalawo ankateteza mwana. Makapisozi anali othandiza pa nthawi yochepa, koma kufikira nawo munthu aliyense chaka ndi chaka kunali kodula. Pamsonkhano wa atsogoleri a mayiko wokambirana za ana mu 1990, mayiko analonjeza kuthetsa kusowa kwa ayodini, ndipo WHO ndi UNICEF anasankha mchere kukhala njira yaikulu, chifukwa wolemera ndi wosauka yemwe amaudya tsiku lililonse. Malawi inakhazikitsa lamulo la Iodization of Salt Act mu 1995, lofuna kuti mchere wogulitsidwa kuti anthu adye ukhale wothiridwa ayodini. Popeza mchere wambiri umachokera kunja, monga ku Botswana ndi ku Mozambique, mbali yaikulu ya ntchitoyi ili m'zipata za m'malire ndi ku Malawi Bureau of Standards.

Zipatso zake zinaoneka. Kafukufuku wa MDHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa mabanja 10 alionse amene mchere wawo unayezedwa, 9 anali ndi mchere wa ayodini. Kafukufuku wa michere yofunika m'thupi wa nthawi yomweyo anapeza kuti mlingo wapakati wa ayodini mu mkodzo wa ana a sukulu unapitirira mamayikulogalamu 250 pa lita, pamene WHO imati kuyambira 100 ndiye kuti ayodini akukwana. Ziwerengerozi zikuchenjezanso za mbali inayo. Ku Zimbabwe, madokotala analengeza mu 1995 kuti odwala chithokomiro chogwira ntchito mopyola anachuluka mchere wa ayodini utayamba, chifukwa mchere wina unkathiridwa wochuluka kwambiri. Phunziro la nthawi ya Coindet linabwereranso: wochepa amapweteka, wochulukitsa amapwetekanso.

Zimene mbiriyi ikusiyira wogwira ntchito m'mudzi

M'zaka 500 miliyoni, palibe nyama imene thupi lake linapeza njira yopangira ayodini kapena yopangira T4 popanda iye. Nthaka ya ku Malosa ya lero ili monga inalili lamulo la 1995 lisanabwere. Chimene chinasintha ndi mchere wokha, ndipo ukangosintha kubwerera mwakale, vuto lidzabwereranso, pakuti madzi saiwala khwawa. Likamabwerera siliyambira pakhosi poonekera. Limayambira mu ubongo wa mwana wosabadwa, m'masabata amene mayi mwina sanadziwe kuti waima. Kafukufuku wa MDHS uja anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Uthenga wa ayodini ukadikira tsiku la sikelo umapeza ambiri nthawi itapita, choncho malo ake ndi m'magulu a amayi, m'magulu a achinyamata ndi pa maulendo a khomo ndi khomo.

Ziwerengero za dziko lonse zimabisa banja limodzi lija mwa khumi. Kawirikawiri limakhala banja logula mchere wapamulu kapena woyezedwa ndi kachibekete pa msika ngati wa Songani kapena wa Malosa, kumene paketi yoonetsa kochokera mchere palibe. Sikuti mchere wonse wapamulu ulibe ayodini, koma maso sangasiyanitse. Kadontho ka mankhwala oyezera kakasintha mcherewo kukhala wobiriwira modera ngati bulu, ayodini alimo, ngakhale kuti kuchuluka kwake kumadziwikira ku labotale. Pakhomo, mchere usungidwe m'chotengera chotseka, pouma, kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo usatsukidwe. Chinangwa chowawa chisendedwe, chiviikidwe mpaka chifewe, ndipo chiumitsidwe bwino. Uthengawu usamveke ngati tikuti anthu azithira mchere wambiri, chifukwa matenda othamanga magazi nawonso ali pakati pathu. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, ndipo mchere wothiridwa ayodini moyenera umathandiza ngakhale udyedwe wochepa.

Si chotupa chilichonse cha pakhosi chimene chimayamba ndi kusowa ayodini, ndipo chotupa chakale cha munthu wamkulu sichiphwa ndi mchere. Munthu amene chotupa chake chikukula msanga, n'cholimba, chikumulepheretsa kumeza kapena kupuma, kapena mawu ake asasa, atumizidwe msanga ku chipatala cha St Luke's kapena cha Domasi, kumene angamutumizenso ku chipatala chachikulu cha Zomba. Chimodzimodzi amene akuwonda koma akudya bwino, akunjenjemera manja, akutuluka thukuta kwambiri ndipo mtima ukugunda mofulumira. Khanda limene chikasu chake sichikutha pakapita masabata awiri, logona kwambiri, loyamwa mofooka, lodzimbidwa ndi la lilime lalikulu likufunika kuonedwa ndi dokotala mwachangu, chifukwa likayamba kulandira T4 m'masabata oyambirira ubongo wake umapulumuka.

Pomaliza pali kulemba ndi kupereka malipoti. WHO imati ana a sukulu opitirira 5 pa 100 alionse akapezeka ndi chithokomiro chokula, ndiye kuti dera lonselo lili pa vuto. Mlangizi kapena wongodzipereka akaona ana angapo otupa pakhosi m'mudzi umodzi, kapena mchere wa pa msika umodzi ukalephera kusintha mtundu kangapo konse, adziwitse womuyang'anira ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, ndipo alembe tsiku, malo ndi kumene mcherewo unachokera.